Thandizani pa FOV (field of view, malo omwe wosewera akutha kuona pa mapu): chilombo chikundilasa chonsecho ine sindikuchiona

Akuluakulu muli bwanji pa gulu pano. Ndili ku Mangochi boma, ndikulemba kagemu ka roguelike mu Python, kamtundu wa Rogue ija ya 1980 ndi NetHack, munthu ndi @ makoma ndi #, mapu ake 80 kwa 24. Zipinda ndi tinjira zikupangika bwinobwino koma pa zomwe wosewera akuona ndiye pandivuta zedi.

Panopa ndikuponya mizere ya Bresenham (mizere yowongoka yodutsa m'mabokosi a mapu) kuchoka pa @ kukafika m'mphepete mwa radius ya mabokosi 8, mzere ukagunda khoma umathera pompo. Mu kanjira kopapatiza makoma ena akumatsala akuda, izi ndingapirire, koma chikundiwawa ndi choti chilombo cha uta chikumandilasa chili kuseri kwa chipilala pomwe pa sikirini palibe kanthu, ndipo gemu yoti ukafa wafa umayambiranso pachiyambi siyenera kupha munthu mwa njira imeneyi ayi. Komanso ndikatuluka mchipinda ndikufuna chitsale chikuoneka mozimiririka, koma zilombo zamomo zikumaonekabe zikuyenda. Ndiyambire pati?

Wa ku Monkey Bay: Achimwene vuto ndi Bresenham yemweyo. Mzere wochoka pa A kupita pa B sudutsa mabokosi omwewo nthawi zonse ndi wochoka pa B kubwerera pa A, ndiye wina amaona mnzake osaonedwa. Siyani mizereyo mupite ku shadowcasting. Ganizani nyali ya siginala pa kauni usiku, simuwerenga kuwala kumodzikumodzi, mumangoona pomwe bwato latchinga ndi momwe mthunzi wake ukukulira. Shadowcasting ya Björn Bergström imagawa malo ozungulira @ mu magawo 8, nkumayenda mzere ndi mzere kutalikira, ikapeza khoma imasunga slope (kupendekeka kwa mzere) yoyambira ndi yothera ya mthunziwo. Koma iyonso si symmetric kwenikweni, ya Albert Ford ndi yomwe imatsimikiza kuti ukaona chinthu chili pansi poyera nachonso chikukuona. Ngati muli ndi tcod (library ya Python yopangira ma roguelike), ya Ford ili kale momo, compute_fov muike FOV_SYMMETRIC_SHADOWCAST, ndipo light_walls ikhale True makoma aja ayera.

Wa ku Zomba: Za chipinda chotsalacho aise musunge ma array (matebulo a mabokosi onse a mapu) atatu osiyana, transparent (podutsa kuwala), visible (pomwe @ akuona panopa) ndi explored (pomwe anaonapo kale). Mukawerengera FOV mupange explored |= visible basi, kutanthauza kuonjezera zooneka panopa ku zomwe zinaonedwa kale. Makoma ndi pansi jambulani kuchokera ku explored ndi mtundu wozimirira, zilombo pokhapokha zili mu visible. Ndipo FOV muziwerengera @ akasuntha kapena chitseko chikatseguka, osati pa frame iliyonse, laputopu ingatenthe pachabe. Samalaninso [y, x] ndi [x, y] mu numpy (library ya ma array mu Python), pamenepa ambiri amazunguzika.

Wofunsa: Zikomo kwambiri mabwana, explored ija yatheka pompano ndipo mapu akukoma kuwaona akutseguka pang'onopang'ono. Nanga ndikafuna chilombo china chizipenya patali kuposa @, ndiye kuti chilichonse chikhale ndi FOV yake?

Wa ku Monkey Bay: Ayi achimwene, ikakhala symmetric imodzi ya @ yakwana. Iwerengereni ndi radius yaikulu, kenako chilombo chilichonse muchiyeze mtunda wake ndi pomwe maso ake amafika. Chikakhala kunja kwa 8 wanu uja koma chakuonani, lembani uthenga pansi kuti chinachake chikukuyang'anani mumdima, muvi usanabwere wosewera akhale ndi mpata wothawira pakona.