Msodzi wanga akuopa chimbudzi, ndimuthandize bwanji kunyumba?

Mlangizi wa ku Chia:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi kankhani kakundisowetsa mtendere, ndigawireniko nzeru. Pali mkulu wina m'dera langa, msodzi wa chilimira, zaka za m'ma 30. Anandipeza dzulo nditaweruka, anachita kudikira kuti azimayi a sikelo abalalike kaye. Pokhala pa benchi anakhalira tako limodzi. Iye akuti ali ndi matenda a mudzi, zotupa zija za kotulukira chimbudzi, koma momwe akufotokozera ine ndikukayika. Akuti pochita chimbudzi amamva ngati wina akumucheka ndi lezala, ndipo akatuluka ululu sutha, umapitirira kuwotcha maola awiri kapena atatu. Timagazi tofiira pang'ono, pamwamba pa chimbudzi ndi pa chopukutira. Chotuluka panja palibe. Yakwana sabata yachitatu.

Kuchipatala wakana, akuti pazenera lolembera mayina pamakhala mlamu wake. Anapita kwa sing'anga, anamupatsa ufa wina wake woika kumeneko, akuti analira ngati mwana. Pano wasiya kudya nsima kuti asapite kuchimbudzi, akungomwa tiyi ndi mabanzi, ndipo amatha masiku anayi osapita. Ine ndilibe mankhwala a zimenezi m'bokosi langa. Ndimuuze chiyani?

Mlangizi wa ku Mwansambo:
Achimwene, msodzi wa ku Chia, magazi m'chimbudzi, mukufunsanso? Ndi likodzo limenelo. Amwe praziquantel basi.

Namwino wa OPD:
Likodzo la m'matumbo limabweretsadi magazi m'chimbudzi, ndipo kwa munthu wokhalira m'madzi sitingalichotse m'maganizo, chimbudzi chake chiyezedwe. Koma likodzo silicheka ngati lezala pakhomo penipeni. Mudzi nawonso nthawi zambiri umatulutsa magazi osapweteka kwambiri, pokhapokha utatupa n'kuundana magazi. Ululu wocheka pochita chimbudzi, kenaka kuwotcha kwa maola, ndi timagazi tochepa tofiira, chimenecho ndi chithunzi cha fissure, kamng'alu ka pakhungu la kotulukira chimbudzi.

Vuto ndi loti kwathu kuno chilichonse cha kumeneko timangoti mudzi. Odwala amatero, nafenso tikatopa pa mzere wa anthu 80 timalemba zomwezo osayang'ana.

Kiliniko ofesala:
A Sisitala anena zoona. Ndifotokoze pang'ono momwe zimayendera, chifukwa mukamvetsa mudzatha kumufotokozera iyeyo, ndipo akamvetsa ndiye kuti theka la ntchito latha.

Chimbudzi chouma, chachikulu, munthu akutchima, chimang'amba kakhungu kaja. Kawirikawiri pamang'ambika pakati, mbali ya kumsana. Pakang'ambika, mnofu wotseka pakhomo paja umakungika chifukwa cha ululu. Ukakungika magazi safika mokwanira pachilonda, ndipo chilonda chopanda magazi sichipola msanga. Munthu uja amayamba kuopa chimbudzi, amachisunga. Chikakhalitsa m'matumbo madzi amayamwika, chimauma kuposa kale. Tsiku loti zakanika kupirira chimatuluka ngati mwala n'kung'ambanso pomwe pamayamba kupola. Ndiye mkulu wanuyo posiya nsima n'kumadya mabanzi akuganiza kuti akuthawa ululu, koma akuchita kuumba njerwa yodzadzivulaza nayo.

Sabata zitatu sizinachuluke. Zambiri zotere zimapola zokha m'sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi ngati chimbudzi chafewa n'kukhalabe chofewa. Komabe wina ayenera kupaona. Simufunika kulowetsa chala, musatero n'komwe, adzakuthawani mpaka kalekale. Kungomugoneka chammbali n'kutambasula pang'onopang'ono, kamng'alu kamaoneka.

Mlangizi wa ku Chia:
Zikomo a dokotala. Nkhani ya njerwayo ndikamuuza momwemo, aimva. Koma zakudya ndimuuze ziti? Ndikangoti "muzidya zakudya zamagulu" angovomera ndi mutu. Kwawo ndi kondowole ndi usipa, tsiku labwino mpunga ndi chambo. Masamba amati ndi ndiwo za anthu a kumtunda.

Mlangizi wa ku Mwansambo:
Ife a kumtunda tamva, hahaha. N'chifukwa chake sititupidwa.

Mzamba:
Ana anga, ine zimenezi ndimakumana nazo kwa azimayi ongobereka kumene, makamaka amene akumwa mapiritsi owonjezera magazi, chifukwa ayironi amaumitsa chimbudzi. Ndinasiya kalekale kuwawerengera za m'buku. Ndimafunsa kuti pakhomo pali chiyani.

Munthu wodya kondowole ali ndi munda wa chinangwa, ndiye chigwada alinacho, sagula. Aziphika chigwada tsiku ndi tsiku pambali pa usipawo, osati kumuuza asiye usipa, sangamve. Therere ndiye bwenzi lenileni pankhani imeneyi, lobala kapena denje. Nkhwani, bonongwe, kholowa, chilichonse chimene chilipo. Nyemba kapena khobwe kawiri katatu pa sabata. Ngati akugula ufa wa chimanga agule mgaiwa, woyera uja gaga anachoka yense. Mbatata yophika adye m'malo mwa mabanzi. Papaya wakupsa m'mawa uliwonse, theka lokha likwanira. Mango akayamba kupsa asawaumire. Bwemba woviika m'madzi amafewetsanso m'mimba, agogo athu ankadziwa. Malambe nawo ali bwino m'phala.

Koma awonjezere pang'onopang'ono. Munthu amene wakhala pa tiyi sabata zitatu mukamuthira nyemba mbale yodzaza tsiku loyamba, mimba idzatupa mpweya, adzati mankhwala anu amudwalitsa.

Tsabola wa kambuzi ayambe wamuika pambali. Sang'amba munthu, koma potuluka amawotcha pachilonda.

Kiliniko ofesala:
Mabuku amati munthu wamkulu azipeza magalamu 25 mpaka 30 a fiber patsiku, zija za m'masamba, zipatso ndi gaga zimene sizigayika m'mimba. Musakamuuze manambala amenewo, mndandanda wa amayi athuwa ndi womwewo m'Chichewa. Chofunika kutsindika ndi madzi. Masamba ndi mgaiwa popanda madzi zimangowonjezera katundu. Malita awiri patsiku ndi poyambira chabe, kutentha kwa Okutobala kunyanja kuno munthu wokoka khoka afunika oposa pamenepo. Mumuuze aziyang'ana mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri madzi achepa.

Mlangizi wa ku Chia:
Apo ndiye pali vuto lina. Amalowa pamadzi madzulo, amatuluka m'mawa. Akuti usiku wonse samwa kanthu, mwina kachasu pang'ono kothamangitsa mphepo. Ndipo chimbudzi chikamupeza m'bwato amangochisunga, anzake ali pompo.

Namwino wa OPD:
Ndiye gwero lake ndi limenelo. Munthu wazunguliridwa ndi madzi koma ali ndi ludzu. Atenge kachigubu ka malita awiri ka madzi a pamjigo kapena othira klorini, osati kutunga m'nyanja, tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 momwe anatichitira m'madoko muno. Kachasuyo amaumitsa thupi, achepetse. Za kusunga chimbudzi, ayese kuzoloweza thupi nthawi imodzi: akafika m'mawa amwe madzi ofunda kapena phala la mgaiwa, adikire mphindi 20 kapena 30, apite. Matumbo amadzuka munthu akangodya. Chikabwera asachibweze. Chikakana asakakamire kutchima, adzuke, adzabwererenso.

Mwayi wake ndi woti chimbudzi chake ndi chokumba. Kunjuta kumathandiza kuposa kukhala pa chamadzi. Odwala a m'tauni timachita kuwauza kuti aike kampando pansi pa mapazi.

Mzamba:
Palibe amene wafunsa funso lalikulu. Amapukutira chiyani?

Mlangizi wa ku Chia:
Amayi, limenelo ndinachita nalo manyazi.

Mzamba:
Kafunseni. Mukapeza kuti ndi chitsononkho, kapena pepala la kope la mwana, kapena tsamba louma. Chilonda chimene mukuchikwecha ndi chitsononkho tsiku lililonse chipola liti? Azisamba ndi madzi okha, popanda sopo pamalopo, kenaka kugunditsa kansalu kofewa koyera mpaka paume, osakhula. Anzathu Achisilamu a ku Linga amatawasa ndi madzi kale, kwa iwo sindivutika kufotokoza.

Kenaka beseni. Madzi ofunda, osati otentha. Awayese ndi chigongono monga timachitira ndi madzi osambitsa khanda. Akhalemo mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, makamaka akangochoka kuchimbudzi. Kufundako kumamasula mnofu wokungika uja a dokotala anena, ululu umatsika. Mukamuuza kuti "muzithowa" samalani, chifukwa kwa anthu athu kuthowa ndi madzi obwadamuka ndi chinsanza. Ndinalandirapo mayi atadziwotcha matuza chifukwa cha mawu amodzi amenewo.

Mlangizi wa ku Mwansambo:
Nanga kuthiramo mchere wambiri m'madzimo? Kwathu ena amathira mankhwala ophera tizilombo aja osambira. Enanso amaika adyo kapena alovera.

Wa kufamase:
Ayi ndithu. Madzi okha akwanira. Mchere wambiri ndi mankhwala ophera tizilombo zimangowotcha khungu lanthete. Adyo amawotcha ngakhale khungu labwinobwino akakhalitsa. Alovera ena amati amaziziritsa, koma tsamba longothyola lili ndi utomoni wachikasu umene umanyerenyetsa, ndipo ukamwedwa umatsegula m'mimba mopotokola. Kutsegula m'mimba nakonso kumang'amba, musaiwale. Tikufuna chimbudzi chofewa ngati nthochi yakupsa, osati chamadzi.

Chimene angapake bwinobwino ndi Vaseline wamba wopanda fungo, pang'ono pakhomo asanachite chimbudzi, ndi chala chosamba. Ufa wa kwa sing'anga uja asiye lero.

Achimwene a ku Chia, mufunsenso ngati akumwa mapiritsi a ululu ogula pa golosale. Asodzi ambiri amadziwa tramadol. Tramadol ndi codeine zimamanga m'mimba kwambiri, zimapha ululu wa lero n'kukulitsa wa mawa. Panado ndi amene angamwe. Akabwera kuno, ngati zakudya zokha zakanika kuyambitsa, lactulose amathandiza kufewetsa masiku oyambirira. Mafuta opaka a lidocaine amaziziritsa ululu kwa masiku ochepa. Aliponso a GTN ndi a diltiazem omasula mnofu uja, koma amenewo ngolemba dokotala, ndipo GTN amapweteketsa mutu anthu ambiri.

Mlangizi wa ku Chia:
Ndamuimbira. Tramadol akumwadi, awiri patsiku, anamupatsa mnzake wa m'bwato. Chopukutira ndi mapepala a katoni. Amayi munalosera.

Koma beseni wakana. Akuti pakhomo pali beseni limodzi, lomwe amatsukira mbale ndi kusambitsira ana, ndipo bambo wamkulu sangakhale m'beseni ngati khanda ana akuona.

Mzamba:
Akunena zoona, la mbale asakhalemo. Agule lakelake, kabeseni ka pulasitiki kakwanira. Alisunge kubafa. Akachokera kunyanja m'mawa amapita kukasamba kale, ndani adzawerenge mphindi zimene wakhala m'bafa? Madzulo asanalowe pamadzi chimodzimodzi. Ndiye kawiri kakwana. Chokhacho, mkazi wake adziwe. Wofunditsa madzi ndi iyeyo, wophika therere ndi iyeyo. Mukabisa kwa mayi wa pakhomo, mankhwala onsewa athera pa foni.

Namwino wa OPD:
Komanso mwezi uwala sabata yamawa, a chilimira ambiri amapuma chifukwa usipa subwera ku nyali. Ayambire pomwepo, ali pamtunda masiku angapo otsatizana.

Kiliniko ofesala:
Zonsezi ndagwirizana nazo, koma ndibwerezenso: ndikufuna ndimuone kamodzi. Za mlamu wakezo si vuto, abwere Lachinayi chakumasana mzere utatha, alowere khomo la kumbuyo, mundiimbire. Chifukwa chake ndi ichi. Kamng'alu kamodzi pakati, kumsana, ndi nkhani ya chimbudzi chouma. Koma tikapeza zilonda zingapo, kapena za m'mbali, kapena chilonda chachikulu chosapweteka, timaganiza zina: chindoko, herpes, TB, HIV, ngakhale khansa. Kunoko sitingalumphe kuyeza magazi, ndidzamupempha mwaulemu. Tidzatengenso chimbudzi tione za likodzo, achimwene a ku Mwansambo asatidandaule.

Ndipo inu alangizi nonse, izi musadikire nazo sabata zisanu ndi imodzi: kutupa kotentha kapena mafinya pambali, kutentha thupi, magazi ambiri kapena osakanikirana ndi chimbudzi, chimbudzi chakuda ngati phula, kuwonda, kapena munthu wachikulire amene kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha posachedwa. Amenewo atumizeni tsiku lomwelo. Chimene chapitirira sabata zisanu ndi imodzi osapola nachonso chibwere, nthawi zina chimafuna mafuta aja kapena opaleshoni yaing'ono.

Mlangizi wa ku Chia:
Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti, papita masiku 16. Anapitadi Lachinayi lija, a dokotala anapeza kamng'alu kamodzi kumsana, mudzi palibe. Za zoyeza zina ndi zake ndi a dokotala, ine sindinafunse. Masiku atatu oyamba akuti anatsala pang'ono kusiya, chimbudzi choyamba chinali chija chosungidwa, chinamuliza. Lactulose anathandiza pamenepo. Kuyambira tsiku lachisanu akupita m'mawa uliwonse, magazi anasiya sabata yatha, kuwotcha kwatsala kwa mphindi zochepa. Mayi wa kunyumba ndi amene wagwira nkhaniyi, mpaka anadzala therere kuseri kwa bafa kumene kumapita madzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti dzulo ndamupeza pa doko akudya mabanzi, kachigubu kulibe. Akuti wachira.

Mzamba:
Sanachire, ululu ndi umene wachepa. Khungu la pamenepo likadali lanthete, chimbudzi chouma chimodzi chokha abwerera poyambira. Beseni apitirize sabata zina ziwiri kapena zitatu, masamba ndi madzi asasiye n'komwe. Musalimbane naye pa doko pamaso pa anzake. Pitani kwa mkazi wake.

Mlangizi wa ku Chia:
Ndipita mawa ndikamachokera ku sikelo. Pali mnzake wina wa m'bwato lomwelo wandinong'oneza kuti nayenso ali ndi "mudzi". A dokotala, Lachinayi likubwerali khomo la kumbuyo lija lidzakhala lotsegula?

Kiliniko ofesala:
Abwere cha m'ma 2 koloko. Mumuuze asaikeko kanthu kalikonse tsiku limenelo, ndikufuna ndipaone momwe palili.