Vuto la Corolla yanga ija lapezeka

Abale zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha za Corolla yanga yakale ija, yomwe lero imalira bwinobwino mawa ukapotokola kiyi imangoti kha basi, makamaka m'mawa mvula ikagwa usiku. Ambiri munati batire, ena munati sitata yatha, koma ine ndinatsatira achimwene aja anati ndisagule kanthu ndisanayezetse.

Loweruka lina ndinapita nayo kwa bambo ena a zamagetsi agalimoto ku Ndirande. Batire atayeza inali pa 12.6 volts, injini ikulira imafika 14, ndiye batire ndi alternator, ija imatchaja batire injini ikamalira, zinalibe mlandu. Kenako anagwira waya wa earth, uja wochoka ku negative ya batire kupita ku bodi ndi injini, kunja umaoneka wabwinobwino koma atausenda mkati monse munali ufa wobiriwira, timawaya tina tikungoduka m'manja ngati udzu wouma. Bauti yake pa bodi inali dzimbiri lokhalokha, nchifukwa chake magetsi a pa dashi amayaka koma mphamvu yozunguza sitata imakanika kudutsa.

Anaika waya watsopano wonenepa, pomangira anapala ndi sandpaper mpaka chitsulo kuwala, matemino a batire anatsuka ndi soda wa m'madzi ofunda nkupaka girisi. Pano masabata atatu atha, mvula kuno ku Chilomoni ikuvumba ndithu koma ikulira kamodzinkamodzi, mtima wanga wakhala pansi.

Amene yanu ikuchita zomwezi, tengani waya wa jumper, uja timalizira galimoto ndi batire ya galimoto ina, mbali imodzi mangani ku negative ya batire yanu inayo pa chitsulo cha injini, ndiye yesani kuliza. Ikalira, vuto ndi earth. Komanso pomasula batire muziyamba ndi negative.