Makina a laminate a makadi a ana, ndigule kapena ndisiye?

Madam Tiya: Moni nonse. Ndili ndi kagulu ka ana amene amabwera akaweruka kusukulu kuno ku Area 25, a sitandade 1 mpaka 4, timakumana m'chipinda cha kutchalitchi. Makadi a maphatikizo amene ndimalemba pa manila sakutha ndi term imodzi yomwe, ana amawagwira ndi manja a mandasi ena mpaka kutafuna m'makona, ndiye tchati cha matebulo chapakhoma chija chiswe chadya kuyambira pa 7 kutsika mmunsi. Ndaona makina a laminate, aja okutira pepala ndi pulasitiki, a A4 mtauni akuti K85,000. Ndi ogulika kapena ndikukataya ndalama?

Make Chiko: Musayerekeze mayi. Ine ndinagula pa shopu ina, mnyamata wake kundilumbirira kuti ndi olijino, kufika kunyumba pepala lachitatu lomwelo lakodwa mkati likununkha kupserera. Kubwerera nawo akuti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa, risiti ndili nayo mmanja koma ngati sakundidziwa. Mpaka lero ali pamwamba pa wodirobu ndikawaona BP imakwera

Sir Davie: K85,000?? Akuberani masana. Ndi K55,000 amenewo

Make Chiko: Munagula liti inu achimwene, devaluation ya Novembala 2023 isanachitike? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti ija inu munali kuti

Aunt Gee: Ife athu ndi a A3, anatitumizira mlamu wanga wa ku Joni pamodzi ndi mapaketi asanu a mapauchi, timatumba ta pulasitiki toikamo pepala tija. Kalasi yathu mukalowa mungaone ngati ndi kunja, ngodya yowerengera payokha, ya masamu payokha, nyengo ndi masiku a sabata zonse zonyezimira. Makolo amangojambula zithunzi. Zinthu zabwino zimafuna ndalama basi

Sir Davie: Funso linali la A4 mayi, za alamu anu sitinafunse kkkk

A Phiri a ku Zomba: Ana inu mwaiwala TALULAR, njira ija yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo? Ife ku koleji anatiphunzitsa kuti zipangizo zophunzitsira zili pakhomo pomwepo. Pemphani makatoni a sopo pa golosale, dulani makadi, lembani ndi maka kenako kulungani ndi selotepi yaikulu ija yomatira katundu, mbali zonse ziwiri. Madzi salowa. Zowerengera tolani zitsekerero za mabotolo, mulembe chilembo mkati mwa chilichonse ana azipanga mawu pa mkeka, gulu lomwe lapanga mawu ambiri lawina. Kuphatikiza ndi kuchotsera kumbani bawo panja, mwana amene amatha kutakata sangavutike ndi 8 kuphatikiza 5. Makina a chiyani.

Madam Tiya: Zikomo bambo, selotepi ndinayesapo koma imachita makwinya ndiye kukatentha imayamba kumatuka fumbi nkulowa

A Phiri a ku Zomba: Mumamata mothamanga. Tsinderani ndi rula.

Lusungu M: Ine ndinena za ntchito yake poti ndimagwiritsa tsiku ndi tsiku. Makina paokha sindiye vuto, chimene chimadya ndalama ndi mapauchi, paketi imakhala ndi 100 ndipo a 80 micron ndi opyapyala, a makadi ogwiragwira ana mpofunika a 125. Ubwino wake pepala limodzi lolembapo manambala kapena kutsatira zilembo mwana amalemba ndi maka ya pa whiteboard nkufufuta ndi kansanza, mawa wina alembenso, fotokope mumaiwala. Koma dulani makadi kaye musanaike mu pauchi ndipo podula kachiwiri muzisiya kampata mmbali, mukadula pa pepala penipeni amasegula kukamwa. Lowetsani mbali yomata ija patsogolo, ndikukayika ngati Make Chiko sanalowetse chammbuyo. Ndipo zojambula za makrayoni musaikemo zimasungunuka

Make Chiko: Ndiye mukuti wolakwa ndine? Anthu akubawo muwaikire kumbuyo chonchi

Bro Kondwa: Nanga magetsi ake ati? Mudikire makina atenthe, mwangolowetsa pepala theka, phethi azima. Ingopitani pa stationery K500 pepala basi

Lusungu M: K500 kuti? Kuno ku Limbe ndi K1,500

Bro Kondwa: Kwathu ndi K500, mwina amakuonani nkhope

Sir Davie: Njira ina gulani mapauchi okha, ikani pakati pa chitenje nkusita ndi ayironi. Ngakhale ya makala imatheka bola isatenthetse

Aunt Gee: Zimenezo zimatuluka matuza, ine sindingapachike pakhoma langa

Shop Yanu Online: Alipo atsopano mu bokosi K120,000 ndi mapauchi 10 aulere, delivery mu Lilongwe. Inbox

Madam Tiya: Ndiye mtengo weniweni ndi uti abale, 55, 85 kapena 120? Ana amalipira K3,000 pamwezi ndipo theka salipira nkomwe

Make Chiko: Tengani anga K40,000, mungochotsa pepala lakodwalo

A Phiri a ku Zomba: Nanga chiswe chija mwathana nacho? Poti khomalo ndiye lomwelo