Za laputopu ija yokana Windows 11

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa zoti ndichite chifukwa laputopu yanga inkakana Windows 11 poti ilibe TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna), pomwe Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ena munati ndigule ina. Koma kutaya makina abwinobwino chifukwa kampani yangolamula choncho, ine sindikugwirizana nazo.

Ndinatsatira malangizo a inu amene munati ndiyese Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndinayamba ndayiyendetsa kuchokera pa flash osafufuta kalikonse, kuti ndione ngati Wi-Fi ndi printa zigwire ntchito. Zinatheka. Kenaka ndinasunga mafayilo anga pa diski ina n'kuika Linux Mint pa laputopu. Panopa ikuyaka msanga, ndipo pulogalamu yolembera ya LibreOffice ikutsegula zolemba za Word, kungoti matebulo ena amasokonekera, ndiye ntchito ya ku Mzuni ndimatumiza ngati PDF.

Chandikomera kwambiri n'choti ma update ndimatsitsa nthawi imene ndafuna ndekha, bandulo yanga siikungotha.

Anzanga a kuno ku Mzuzu, fayilo ya Linux Mint ndi pafupifupi 3GB, bwererekanani flash imodzi. Ndipo muziika Linux Mint batire itadzaza, kuopa kuti magetsi angathime ntchito ili pakati.