Oyenda pansi a ku Lusaka: maluwa akutchire ndi nyama tingazione kuti mvula isanakhazikike?

Wa ku Chelstone:
Moni nonse. Tilipo anthu 6, tikufuna kumayenda pansi Loweruka lililonse kuyambira pakati pa Okutobala mpaka Novembala atatha. Cholinga n'kuona maluwa akutchire, mbalame ndi tinyama, osati kungotuluka thukuta. Ena akuti nthawi imeneyi kutchire ndi phulusa lokhalokha, tidikire Januwale. Kodi n'zoona? Tikufunanso ulendo umodzi wa m'mbali mwa madzi. Tipite kuti, tinyamule chiyani?

Mayi wa ku Woodlands:
Achimwene, amene akuti kulibe kanthuwo tchire amalionera pawindo la basi. Mu Januwale udzu umakhala utakupitirirani msinkhu, ndipo maluwa ang'onoang'ono onse amabisika. Maluwa a m'nkhalango zathu za miombo satsata kalendala, amatsata moto ndi mvula yoyamba. Funani lupsa, malo amene anapsa milungu ingapo yapitayo. Zomera zambiri za pamenepo zili ndi mizu ikuluikulu yosunga chakudya pansi, ndiye moto ukangochotsa udzu zimafulumira kuchita maluwa pafupi ndi dothi, mvula isanagwe n'komwe. Muziyenda maso ali pansi.

Choyamba kuoneka ndi Boophone disticha. Tsinde lake lili ngati anyezi wamkulu wotulukira theka pamtunda, pamwamba pake mpira wa maluwa ofiirira. Masamba amabwera pambuyo, atayalana mbali imodzi ngati chokupizira, ndipo mutu wa maluwawo ukauma umathothoka n'kumagubuduzika ndi mphepo. Chizimalupsa chikagwa, yang'anani pamthunzi ndi m'mphepete mwa zulu: pamatuluka Scadoxus multiflorus, mpira wofiira psuu, waukulu ngati lalanje kapena kuposa, ataima pakamtengo kopanda masamba. Sakhalitsa ameneyu, mukadumpha Loweruka ziwiri mupeza atafota. Gloriosa superba, duwa la dziko la Zimbabwe lija, lofiira ndi chikasu ngati malawi, limachedwa, nthawi yake ndi cha mu Disembala. Onse atatuwa ndi poizoni. Ana asakumbe, ndipo amene wagwira asambe m'manja asanadye.

Maluwa a chikanda, amene kwathu kummawa ena amati chinaka, ali m'madambo ndipo amadikira mvula yeniyeni. Mukawapeza jambulani basi. Okumba achulukitsa kale, madambo ambiri atha.

Malo apafupi ndi cha ku Leopards Hill Road, kumene kudakali miombo, kuphatikizapo chotsala cha nkhalango ya boma ya Forest 27, kumene kumayambira mtsinje wa Chalimbana. Koma malo ambiri kumeneko tsopano ali ndi eni ake komanso mipanda, choncho pemphani kaye musanalowe. Pojambula tengani zithunzi zitatu, duwa pafupi, tsamba, ndi chomera chonse pamene chamera, n'kuziika pa iNaturalist, pulogalamu ya pafoni yothandiza kudziwa mayina a zomera ndi nyama. Chithunzi cha duwa lokha nthawi zambiri sichikwanira kupeza dzina.

Kadzidzi wa Chilanga:
Amayi anena zoona, ine ndionjezeko za nthawi. Dzuwa likutuluka cha m'ma 05:30, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoyamba kuyenda, osati yodzuka. Pofika 09:30 mbalame zakhala chete, zatsala nyenje zokha kukuboolani makutu. Makilomita 5 kapena 6 ndi okwanira. Madzi malita 2 munthu aliyense, chipewa, nsapato zotseka, thalauza lalitali lolowetsa m'masokosi chifukwa cha nkhupakupa.

Anthu 6 ndi ambiri kwa gwape. Gawanikani atatuatatu, yendani mondondozana, mphepo izikuombani kumaso kuti fungo lanu lizipita kumbuyo. Pofuna kudziwa kolowera mphepo, tapani kaphulusa n'kukawaza. Dzuwa likhale kumsana, apo ayi mbalame iliyonse izioneka yakuda. Mukapeza mkuyu kapena msuku wakupsa, khalani pansi mphindi 20 osayankhula. Apusi, agologolo ndi mbalame zodya zipatso zibwera zokha, mudzaona zambiri kuposa woyenda ola lathunthu. Ma binoculars, magalasi oonera patali, a 8x42 (okuza chinthu ka 8) ndi abwino. Okuza kuposa ka 10 amanjenjemera m'manja.

Miyezi imeneyi ndi ya alendo, mbalame zochokera kutali. Anamzeze ochokera ku Ulaya amafika, European bee-eater nayenso, ndipo adokowe akuda a mimba yoyera, Abdim's stork, amatera m'minda mvula ikayamba, kutola ngumbi ndi ziwala. Wofuna mbalame yopezeka m'Zambia mokha apite cha ku Chisamba, kumene kuli mikuyu yotalikirana padambo, akafune Chaplin's barbet: yoyera, kofiira kuzungulira diso.

Nyama zikuluzikulu zili ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kumwera chakummawa kwa mzinda. Muli mbidzi, nyamalikiti, nchefu, nyumbu ndi chipembere choyera. Za kuyenda pansi mufunse pachipata, musangotsika galimoto n'kulowa m'tchire.

Wa ku Chelstone:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga za kumadzi zija? Tinkaganiza za ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba.

Mdzukulu wa Msodzi:
Siavonga ndi pafupifupi makilomita 200, msewu wa tala, ndipo nkhwazi mudzaiona n'kuimva ndithu. Vuto ndi kutentha. Kuchigwa mu Okutobala kumafika madigiri 40, pamene kuno kumtunda timadandaula ndi 32. Komanso gombe la Kariba lili ndi miyala yambiri, maluwa si ambiri.

Ngati cholinga ndi kuona zamoyo, ine ndingasankhe paki ya Lochinvar. Mumapita ku Monze, kenako msewu wafumbi wa makilomita opitirira 40. Ku Chunga Lagoon kuli Kafue lechwe, nyama yopezeka m'chigwa cha Kafue mokha, ndipo pakiyo ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, kuphatikizapo wattled crane. Pitani mu Okutobala, osadikira. Dothi la kumeneko ndi lamakande, mvula imodzi yamphamvu galimoto yatitimira mpaka m'mimba.

Kulikonse kumene mungapite, yendani patali ndi madzi, mamita 5 kapena kuposa, makamaka pamene pali bango. Ng'ona siioneka isanagwire. Mukaona kanjira kotakata kotuluka m'madzi, kokhala ndi tinjira tiwiri togundizana ndi ndowe zomwazika patchire, ndi ka mvuu. Mvuu imadya kumtunda usiku n'kumabwerera m'bandakucha, ndipo choopsa kwambiri ndi kupezeka pakati pa iyo ndi madzi. Ndiye kumadzi lamulo la 05:30 lija lisinthe, dikirani kuyere bwinobwino. Osapondamo m'madzi osayenda ngakhale mapazi atenthe bwanji, muli nkhono za likodzo.

Mayi wa ku Woodlands:
Palibe watchula njoka, chonsecho kukatentha ndiye zimatuluka. Mphiri sithawa, imangogona panjira itafanana ndi masamba ouma, ndipo munthu wofuna maluwa amagwada n'kupisa dzanja paliponse. Yambani mwagogoda ndi ndodo. Wina akalumidwa musamange chingwe, musateme, musayamwe. Muvuleni mphete ndi wotchi chifukwa potupa zimathina, asayendeyende, n'kuthamangira naye kuchipatala. Njoka yolavula ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'chifukwa chake botolo limodzi lizikhala losamwa.

Pali chitedzenso. Zikhokho zake zaubweya zimatsalira m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje, ndipo kukanda kumangolowetsa ubweyawo mkati. Matani selotepi pamalopo n'kumatula, kawiri katatu, kenako sambani ndi sopo.

Kadzidzi wa Chilanga:
Novembala akamatha mitambo imasonkhana masana, ndiye pofika 12 koloko mukhale mutachoka pamtunda ndi pansi pa mtengo woima wokha, kuopa mphezi. Bowa adzayamba kutuluka nthawi yomweyo. Bowa wa tente ali m'banja la Amanita, limodzi ndi abale ake akupha, ndiye foni isakuuzeni kuti uyu ngodyedwa. Wa ndiwo mukagule kwa amayi a m'mbali mwa msewu amene amamudziwa.