Mwana wanga akuseka mavidiyo oletsa chamba, nditani?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Mnyamata wanga ndimamutumizira pa WhatsApp mavidiyo oletsa mankhwala ozunguza bongo, aja amachuluka pa Facebook ikamayandikira 26 June, tsiku lolimbana ndi mankhwalawa. Iye amangoyankha ndi tinkhope toseka, n'kuwatumiza kwa anzake. Dzulo ndinawamva kuseri kwa bafa akuyeserera mawu a mnyamata wa muvidiyomo, kuseka mpaka kutsokomola. Bandulo ndimagula ine ndi ndalama ya mandasi. Bambo ake ali ku Joni chaka chachitatu, foni anamutumizira koma fizi ayi. Alamu anga akuti ndamulekerera ndine, chonsecho sanabwerepo ndi sopo yemwe. Nditani?

Angozo: Mayi, mavidiyowo ndi ongodyera ndalama! Mwana wamaliza Fomu 4, ntchito kulibe, akungokhala pa mlatho tsiku lonse, ndiye mukuti vidiyo imusintha?

Nachisale: Mulandeni foniyo basi. Wanga anayamba chonchi, mapeto ake anagulitsa mbaula ndi mapoto anga onse. Mpaka lero ndimaphikira mphika wobwereka.

Angozo: Kulanda foni kuthandiza chiyani? Chamba sachigula pa intaneti. Komanso mu 2020 aphungu anavomereza kulima chamba, ana anamva zimenezo!

Mphunzitsi wa ku Dedza: Angozo musasocheretse anthu. Lamulo lija linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kusuta n'koletsedwabe. Mayi, simunatiuze: mwanayo ali ndi zaka zingati, ndipo munamupezapo ndi kanthu? Ana anga m'kalasi amaseka mavidiyo amenewa chifukwa amaonetsa wosuta ali wamisala wotola zinyalala, pomwe iwo amadziwa osuta amene akukhoza mayeso. Akaona kukokomeza, uthenga wonse amautaya.

Angozo: Ndi zomwe ndikunenazo! Mafomu a ntchito kulibe, koma mavidiyo mbwee!

Mayi a mapasa: Ana a masiku ano ndi mapemphero okha. Ifeyo tinkangoyang'anidwa ndi diso, basi.

Nabanda: Si chamba chokha, onaninso timabotolo ta mankhwala a chifuwa m'chikwama mwake. Mng'ono wanga anathandizidwa ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu, ku Lilongwe chilikonso. Koma muyambe mwakhala naye pansi awiriwiri, anzake kulibe.

Nachisale: Kukhala naye pansi? Ine ndinakhala naye kangati?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Bambo ake ndawaimbira kawiri, sakuyankha, koma pa WhatsApp akuoneka kuti ali pa intaneti.