Mafilimu a mazombi ndi mmene timawaonera anthu odwala

Chisomo_BT:
Abale ndifunseko, inu amene mumaonera mafilimu a mazombi, anthu akufa oyenda aja amene akaluma munthu nayenso amasanduka zombi. Pafupifupi filimu iliyonse pamakhala wina walumidwa koma akubisa bala, watsitsa mkono wa malaya kuti anzake asaone, ndiye ife oonera timamukwiyira kuti wodzikonda ameneyu aphetsa anzake. Koma tinaganizapo kuti akubisiranji? Akangoulula basi mfuti ili pamutu, munthu akulankhula bwinobwino, akulira, akutchula dzina la mwana wake koma anzake amuwerengera kale kwa akufa. Ine zimandipweteka chifukwa ndi zomwe zinkachitika ndi edzi mankhwala asanabwere. Kodi mafilimuwa akutiphunzitsa kuopa odwala, kapena akungotionetsa mmene tilili kale?

Bambo_a_Tadala:
Achimwene mwakhudza pachilonda. Ife tinaziona ndi maso zimenezo, munthu akangoyamba kuonda ndi kutsokomola anthu ankanong'onezana kuti awa ndiye apita, iye akuyendabe mumsewu. Azakhali anga anali ndi kapu yawoyawo ndi mbale yawoyawo, zinkakhala pazenera osasakaniza ndi zinzake, ana tinkaletsedwa kukhala pamphasa pawo ndipo amene ankatiletsawo sanali anthu oipa ayi, anali ndi mantha basi komanso sankadziwa kuti kachilomboka sikayenda pakapu. Pamaliro ankangoti adwala nthawi yaitali. Nchifukwa chake zinali zazikulu a Kenneth Kaunda, omwe anali mtsogoleri wa dziko la Zambia, atanena poyera mu 1987 kuti mwana wawo wamwalira ndi edzi, a Bakili Muluzi nawo ananena za mchimwene wawo mu 2004, chaka chomwe ma ARV aulere anayamba kuno. Ku South Africa mayi wina dzina lake Gugu Dlamini anamupha anthu a kudera kwake komwe mu 1998 atangoulula kuti ali nako. Ndiye wobisa bala uja ine sindimamuda.

Mphatso265:
Komatu tisaiwale kuti zombi imalumadi guys. Mantha ena ngoyenera, kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu ambiri zedi, ukanati usaope? Kupatula wodwala si kumusala.

NamwinoWaKumudzi:
@Mphatso265 zoona, kupatula kulipo ndipo timachita, koma wa kolera timamuika mutenti kuti timupatse madzi ndi dripu achire abwerere kwawo, osati kuti atichokere pamaso. Mufilimu mulibe zimenezo, wolumidwa alibe mankhwala, alibe womudwazika, njira ndi imodzi yokha. Ndipo mantha akafika pamenepo matenda ndiye amafala kwambiri chifukwa anthu amabisa odwala m'nyumba, amabwera nawo kuchipatala zitavuta kale. Nthawi ya Ebola mu 2014 pamudzi wa Womey ku Guinea anapha anthu 8 omwe anabwera kudzaphunzitsa za matendawa. Koma ine chimene chimandiwawa tsiku ndi tsiku ndi khunyu. Munthu wagwera pamoto akuphupha, anthu ayima patali akuopa kuti thovu lakukamwa likawakhudza atenga, mpaka mkono kupsa anthu akuyang'ana. Khunyu sapatsirana abale, mukokeni munthuyo pamotopo, mugonekeni chammbali, musamuike kanthu mkamwa.

Kondwani_Jozi:
Ine ndikuona kuti mafilimu anasintha nkhani. Nkhani ya zombi inachokera ku Haiti, ndipo kumeneko zombi anali munthu wogwidwa ndi mankhwala n'kumagwiritsidwa ntchito ngati kapolo, zofanana ndi zomwe kwathu timanena za ndondocha. Ukamva za ndondocha umamvera chisoni ndondochayo, woipa amakhala amene wamuchita chipongweyo. Zodya anthu ndi zopatsirana polumazi zinatchuka ndi filimu ya George Romero ya 1968, kuchokera pamenepo wozunzika uja anasanduka mdani. Ndiye pafunso lanu a Chisomo ndinganene kuti zonse ziwiri, mantha tinali nawo kale koma filimu imatizoloweretsa kuti kupha wodwala ndi nzeru, wachifundo ndi amene amafa koyamba.

Chisomo_BT:
A Namwino za khunyuzo mwandithandiza, kwathu mpaka pano pali mtsikana amene anamusiyitsa sukulu chifukwa makolo a anzake anadandaula. Kodi pali njira yoti a zaumoyo apite akalankhule ndi makolowo? Ndikufuna ndiyambire kwa amfumu sabata ino.